Kusindikiza pa Linux: mafunso a eni mashopu, alembi ndi aphunzitsi a ku Kasungu

Tsamba ili ndalembera eni mashopu osindikiza ndi kupanga fotokope pa boma la Kasungu, alembi a m'masukulu ndi m'mipingo, ndi aliyense wa ku Santhe, Chinkhoma, Chamama, Nkhamenya kapena Mtunthama amene waika Linux pa kompyuta yake ndipo akufuna pepala lituluke. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11. Amene akutembenukira ku mitundu ya Linux monga Ubuntu, Linux Mint kapena Debian safunsa za intaneti poyamba, amafunsa za pulinta, chifukwa ndi imene imawadyetsa.

Ndikachotsa Windows n'kuika Linux, pulinta yanga igwirabe ntchito?

Nthawi zambiri inde, koma musafufute kanthu musanayese. Ubuntu ndi Linux Mint zimatha kuyaka kuchokera pa fulashi osakhudza zimene zili m'kompyuta. Yatsani motero, lumikizani pulinta, dikirani pang'ono, kenako tsegulani chikalata chilichonse muyese kusindikiza. Pepala likatuluka, nkhani yatha.

Likapanda kutuluka, lembani dzina lonse la pulintayo ndi nambala yake monga zalembedwera pa chomata cha kumbuyo, mukafufuze pa openprinting.org, pamene pali mndandanda wa mapulinta masauzande ndi mmene iliyonse imagwirira pa Linux. Nambalayo musaiphonye. HP LaserJet 1020 ndi HP LaserJet 1320 zimaoneka ngati za pachibale, koma m'kati mwake n'zosiyana kotheratu. Ya 1320 imagwira pafupifupi mukangolumikiza, pamene ya 1020 ili ndi nkhani yakeyake imene tiikambe kutsogoloku.

Ndikumva za CUPS paliponse. N'chiyani chimenechi?

Ndi pulogalamu imene imayendetsa ntchito yonse yosindikiza pa Linux, pa macOS, ngakhalenso pa FreeBSD kwa amene aiikapo. Ili ngati kalaliki wa pa ofesi: amalandira makalata kwa aliyense, amawaika pa mzere, amawalembanso m'chiyankhulo chimene bwana amamva, n'kumawapereka imodziimodzi. Mukadina kuti musindikize mu LibreOffice, pulogalamu yolembera makalata imene imagwira ntchito ngati Word, chikalata sichipita kwa pulinta mwachindunji. Chimayamba chafika kwa CUPS.

Anailemba ndi Michael Sweet pa kampani yake ya Easy Software Products, ndipo inatuluka mu 1999. Apple inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2002, n'kuigula mu 2007, ndi kumulemba ntchito mwini wakeyo. Sweet atachoka ku Apple kumapeto kwa 2019, ntchito yoisamalira pa Linux inasamukira ku gulu la OpenPrinting limene amatsogolera Till Kamppeter. CUPS isanabwere, makina a Unix ankadalira mapulogalamu akale a lpd a ku Berkeley ndi lp a System V, ndiye chifukwa chake malamulo a lpr ndi lp onse akugwirabe mpaka lero.

CUPS ili ndi tsamba lake m'kompyuta mwanu momwemo. Tsegulani Firefox, lembani localhost:631, muona mapulinta onse ndi ntchito zimene zili pa mzere. Sipafunika bandulo ngakhale ya tambala.

Bwanji mumalimbikira zoti pulogalamu ikhale yotseguka? Bola ikhale yaulere basi.

Madalaivala a Windows, mapulogalamu amene amathandiza kompyuta kuyankhula ndi pulinta, nawonso ndi aulere, palibe amene anakulipiritsanipo. Vuto lake ndi lakuti ndi otseka: mwini wake yekha ndi amene amadziwa za m'kati. Kampani ikaona kuti pulinta ya 2008 yakalamba, imangosiya kulemba dalaivala wa Windows yatsopano, ndipo makina amene akanagwira zaka zina zambiri amasanduka poikapo mafayilo. Ku Ulaya amangogula ina. Kuno pulinta imodzi ndi mpamba wa banja lonse, mwina inagulidwa ndi ndalama ya fodya wa chaka chathunthu.

Dalaivala wotseka amafa tsiku limene mwini wake wamusiya. Wotseguka amapitirira malinga ngati padziko pano pali munthu mmodzi amene akuikondabe pulintayo ndipo amadziwa kulemba mapulogalamu. N'chifukwa chake LaserJet 4 ya 1992 imasindikizabe pa Linux ya lero.

Ndipotu nkhani yonse ya mapulogalamu a ufulu inayambira pa pulinta. Cha m'ma 1980, ku MIT ku America, Richard Stallman anafuna kukonza pulogalamu ya pulinta ya Xerox kuti izidziwitsa anthu pepala likakodwa, monga anachitira ndi pulinta yakale. Anamukaniza kuona za m'kati mwa pulogalamuyo. Mu 1983 analengeza ntchito ya GNU yolemba mapulogalamu a ufulu, imene Linux ya Linus Torvalds inadzalumikizana nayo itabadwa mu 1991. Ine ndikaona pulinta yabwinobwino itafundidwa chitenje pa kona ya ofesi chifukwa dalaivala kulibe, mtima umandipweteka, pakuti nthawi zambiri chimene chikusowa ndi fayilo yaing'ono imene munthu wina analemba kale n'kuipereka kwa aliyense.

N'chifukwa chiyani mapulinta ena amagwira msanga, ena n'kumavuta?

Ndi nkhani ya chiyankhulo. Pulinta simva Word kapena LibreOffice, imamva chiyankhulo chake chofotokozera tsamba. Pali ziwiri zakale zodziwika kwa onse: PostScript cha Adobe, chimene chinatuluka mu 1984, ndi PCL cha HP cha nthawi yomweyo. Mapulinta akuluakulu a m'maofesi amamva chimodzi mwa izi kapena zonse, ndipo amakono ambiri amamvanso PDF. Malamulo a ziyankhulo zimenezi analembedwa poyera, choncho Linux imaziyankhula mosavuta.

Mapulinta otchipa anawachepetsera ubongo kuti mtengo utsike. Ntchito yonse yojambula tsamba imachitikira m'kompyuta, pulinta imangolandira timadontho m'chiyankhulo chachinsinsi cha kampani yake. HP yaing'ono zina zimamva ZjStream, Canon zina CAPT, Samsung zina SPL. Apa m'pamene pamafunika dalaivala wapadera, ndipo ambiri mwa madalaivala otseguka a mapulinta otere anawalemba anthu odzipereka amene anakhala pansi n'kumafufuza zimene zimadutsa pa chingwe mpaka atazimvetsa.

Pakati pa chikalata chanu ndi pulinta, CUPS imadutsitsa ntchito m'mapulogalamu osefa motsatizana. Kawirikawiri chikalata chimasanduka PDF, PDF n'kusanduka timadontho, timadonthoto n'kukulungidwa m'chiyankhulo cha pulintayo. Ntchito yolemera yojambula imagwiridwa ndi Ghostscript, imene L. Peter Deutsch anaitulutsa mu 1988, kapena Poppler. Mukadzaona uthenga wakuti Filter failed, dziwani kuti imodzi mwa mapulogalamu osefawa yagwa kapena kulibe.

Ndikupita ku Lilongwe kukagula pulinta. Ndikayang'ane chiyani?

Musanafunse mtengo, werengani katoni. Mukapezapo mawu akuti AirPrint, Mopria kapena IPP Everywhere, pulintayo sifuna dalaivala aliyense. AirPrint inabwera ndi Apple mu 2010, zinazo zinatsatira, ndipo zonse zimayenda pa njira imodzi yotchedwa IPP. Pulinta yotere imadzilengeza yokha pa netiweki, imauza kompyuta mapepala amene imalandira ndi ngati imasindikiza mbali zonse, kompyuta n'kungotumiza. Ambiri mwa mapulinta otere amachita chimodzimodzi pa chingwe cha USB kudzera pa pulogalamu ya ipp-usb, imene Ubuntu ndi Debian zatsopano zimabwera nayo kale.

Ngati mukugula yakale yochokera m'maofesi a kunja, funsani ngati imamva PostScript kapena PCL 5 ndi PCL 6, komanso ngati ili ndi polowetsa chingwe cha netiweki. Yotereyo, ngakhale yachita dzimbiri pang'ono m'mbali, ine ndingaisankhe kusiyana ndi yatsopano yonyezimira imene imamva chiyankhulo chachinsinsi chokha.

Nyamulani laputopu kapena fulashi ya Linux, mukayesere m'shopu momwemo musanapereke ndalama. Wogulitsa akakuuzani kuti "zimagwira zonse, bwana", mwina akunena zoona, koma mtunda wa Kasungu ndi Lilongwe ndi makilomita oposa 120, ndipo kubweza katundu si masewera. Funsaninso za tona kapena inki, ngati imapezeka pa Kasungu pompano.

Yanga ndi yakale, ilibe zonsezo. Dalaivala wake ndi uti?

Zimatengera mtundu. Ya HP, yambani ndi HPLIP, imene HP yomwe imasamalira. Ya inki ya Epson, monga L3110 ndi L3150 zija za matanki, pali dalaivala wa ESC/P-R, amene pa Debian ndi Ubuntu amatchedwa printer-driver-escpr. Mapulinta ambiri akale a inki a Epson ndi Canon amagwira ndi Gutenprint, imene kale inkatchedwa Gimp-Print, ndipo pa zithunzi imakupatsani mphamvu yosintha mitundu ndi kuchuluka kwa inki kuposa madalaivala ambiri. Ma laser aang'ono a Brother amagwira ndi brlaser, a Samsung ndi SpliX. Ya singano ngati Epson LX-350, yosindikiza marisiti a kaboni, CUPS imabwera ndi dalaivala wake wa 9-pin.

Ngati simukufuna kusankha, lamulo limodzi limabweretsa ambiri mwa amenewa nthawi imodzi. Lilembeni pa zenera lolembapo malamulo lotchedwa Terminal:

sudo apt install printer-driver-all

Yovuta kwenikweni ndi Canon LBP2900 ndi anzake a CAPT. Canon ili ndi dalaivala wake wa Linux koma amafuna kuleza mtima pomuika, ndipo pali wina wotseguka wotchedwa captdriver amene kawirikawiri mumayenera kumumanga nokha. Zimatheka. Koma ngati ndi tsiku lanu loyamba pa Linux, pezani munthu wodziwa akhale nanu pafupi.

HP LaserJet 1020 yanga ikuoneka pa kompyuta, ntchito ikupita, koma ili zii. Yafa?

Sinafe. Pulinta imeneyi, pamodzi ndi 1018, P1005 ndi P1006, sisunga pulogalamu yake ya m'kati. Ikazima imaiwala zonse, ndipo nthawi iliyonse ikayaka kompyuta imayenera kuitumiziranso kafayilo kotchedwa firmware. Kafayiloko ndi ka HP ndipo si kotseguka, choncho Linux sibwera nako. Mumakatenga kamodzi kokha, muli pa intaneti:

hp-plugin -i

Mukatero, zimitsani pulinta, yatsaninso, mvetserani. Ilira kamodzi poyaka, kenako patapita timasekondi ilirenso kachiwiri. Kulira kwachiwiriko ndiye kuti yalandira. Magetsi akazima n'kubwera ndipo simunamve kachiwiriko, zulani chingwe cha USB mulowetsenso. Palinso dalaivala wina wotseguka wa mapulinta omwewa, foo2zjs, koma nayenso amafuna firmware yomweyo. Musaike onse awiri pa pulinta imodzi, amalimbirana.

Ku sukulu kwathu netiweki kulibe. Nditani?

Konzekerani muli pa boma. Pezani kompyuta ya intaneti imene ili ndi Linux yofanana ndendende ndi yanu, mtundu ndi nambala yomwe, makamaka imene yangoikidwa kumene. Pamenepo lembani:

sudo apt-get install --download-only printer-driver-all hplip

Mafayilo akathera mu /var/cache/apt/archives. Akopereni pa fulashi, ndipo mukafika ku sukulu lowani mu foda yake n'kulemba sudo dpkg -i *.deb. Fulashi imeneyo isamasungidwenso nyimbo ndi zithunzi za ukwati. Ilembeni dzina, ikhale mu kabati ya aphunzitsi aakulu, chifukwa tsiku limene kompyuta idzafune kuikidwanso lidzakhala la sabata ya mayeso.

Magetsi anazima pakati pa ntchito. Abwera, koma pulinta ikukana. Ndiikenso dalaivala?

Ayi, musaike chilichonse. Ili ndi funso limene limadyetsa anthu ndalama pachabe. CUPS ikalephera kufikira pulinta, pa makompyuta ena imaimitsa mzere wonse n'kumadikira munthu kuti aulole. Pulinta ili bwino, dalaivala ali bwino, mzere wokha ndi umene waima. Onani kaye:

lpstat -t

Mukaona mawu akuti disabled kapena paused pa dzina la pulinta yanu, ndi zomwezo. Koma musanautsegule, kumbukirani kuti pamene inkakana paja anthu anadina kambirimbiri, ndipo ntchito zonsezo zaunjikana. Mukangotsegula zituluka zonse, mapepala n'kuthera pompo. Choncho yambani mwafufuta, kenako tsegulani. Tiyerekeze kuti pulinta yanu munaitcha HP1020:

cancel -a
cupsenable HP1020

Kuti zisamachitike nthawi iliyonse magetsi akathima, iuzeni CUPS kuti izingoyesanso yokha m'malo moima:

sudo lpadmin -p HP1020 -o printer-error-policy=retry-job

Malamulo atatu oyamba aja, a lpstat, cancel ndi cupsenable, alembeni pa pepala, mumate pa khoma pafupi ndi kompyuta, kuti ngakhale mwana wa pa shopu azitha kuwalemba inu muli ku maliro.

Tsamba likudukira m'munsi, kapena pulinta ikufuna pepala limene ndilibe.

Kompyuta ikuganiza kuti muli ku America. Kumeneko pepala lawo ndi Letter, la mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, pamene lathu ndi A4, la 210 ndi 297. Kusiyanako n'kochepa koma n'kokwanira kudula mzere wosainapo. Konzani pa localhost:631, kapena lembani lpoptions -p HP1020 -o media=A4. Yang'ananinso m'chikalata momwemo, chifukwa makalata ambiri ochokera pa Word amabwera ali pa Letter.

Kasitomala wabweretsa CV ya masamba awiri, pa ine ikutuluka atatu. Ndamuonongera?

Simunaononge. Chikalatacho chinalembedwa ndi zilembo za Calibri kapena Cambria zimene Linux ilibe, ndiye LibreOffice yaika zina zonenepa pang'ono, mizere n'kusuntha. Pali zilembo zotseguka zimene anazipanga dala kuti zifanane m'lifupi ndi za Microsoft: Carlito m'malo mwa Calibri, Caladea m'malo mwa Cambria, ndi Liberation m'malo mwa Times New Roman, Arial ndi Courier New.

sudo apt install fonts-crosextra-carlito fonts-crosextra-caladea fonts-liberation

Zikakhalapo, LibreOffice imazisankha yokha. Komabe njira yabwino koposa ndi kuzolowetsa makasitomala kubweretsa PDF. Word ya pa foni imatha kusunga PDF, ndipo PDF yopangidwa bwino imanyamula zilembo zake m'kati. Lamulo la pdffonts limakuonetsani ngati zilimodi. Kwa amene amalemba Malaŵi ndi ŵ, monga m'mabuku ena a mpingo: zilembo zina zokongoletsa zilibe ŵ, zimangoika kabokosi. DejaVu ndi Liberation zili naye.

Ndikufuna kupanga kabuku ka pulogalamu ya ukwati kapena ya maliro, kopinda pakati.

LibreOffice Writer imachita zimenezi yokha. Lembani masamba anu motsatana bwinobwino, kenako pa zenera losindikizira sankhani Brochure. Pulogalamu idzasanja yokha kuti tsamba lomaliza likhale pambali pa loyamba. Chiwerengero cha masamba chikhale chogawika ndi 4, apo ayi mudzapeza masamba oyera kumapeto. Ngati pulinta imatembenuza yokha, sankhani kutembenuzira ku mbali yaifupi. Ngati sitembenuza, sindikizani nkhope zonse za kutsogolo, mubweze mapepala, kenako za kumbuyo, koma yesani ndi kabuku kamodzi kaye kuti mudziwe mmene pulinta yanu imakokera pepala. Pulogalamu ya maliro sikhala ndi mawa, anamfedwa ali pakhomo akudikira.

Pa ntchito zokongoletsa kwambiri, monga makadi ndi makalenda, pali Scribus. Posanja, kuchotsa kapena kuphatikiza masamba a PDF, PDF Arranger ndi yophweka kwambiri.

Mayeso a Folomu 4 yonse, makope 120, ndingawatumize bwanji osasokoneza?

Sandutsani kukhala PDF, kenako:

lp -d HP1020 -n 120 -o collate=true mayeso.pdf

Mawu a collate ndi amene amachititsa kuti kope lililonse lituluke lathunthu, tsamba 1, 2, 3, kenako lina, osati tsamba loyamba ka 120. Pa pulinta yotembenuza yokha onjezani -o sides=two-sided-long-edge, mapepala achepa ndi theka. Kwa manotsi, -o number-up=2 imaika masamba awiri pa nkhope imodzi.

Pali china chimene aphunzitsi ambiri sadziwa, ndipo n'chachikulu. CUPS imasunga kope la chimene mwasindikiza kwa tsiku limodzi mu /var/spool/cups, kuti munthu athe kusindikizanso. Pa mayeso, pa zitupa za unzika za makasitomala, pa makalata a kuchipatala, zimenezi si zabwino. Munthu amene ali ndi mawu achinsinsi a kompyutayo angathe kubwerezanso ntchitoyo inu mutachoka. Tsekani khomo limeneli:

sudo cupsctl PreserveJobFiles=No

Ndipo fayilo ya kasitomala mukamaliza nayo, ifufuteni pamaso pake. Munthu amene wakupatsani chitupa chake wakukhulupirirani ndi chinthu chachikulu kuposa ndalama ya fotokope imene walipira.

Makompyuta atatu, pulinta imodzi. Nanga mafoni?

Kompyuta imene ili ndi chingwe cha pulinta ndi imene igawire zinazo:

sudo cupsctl --share-printers
sudo lpadmin -p HP1020 -o printer-is-shared=true

Zonse zikhale pa rauta imodzi. Rautayo sifunika kukhala ndi intaneti, ntchito yake ndi kungolumikiza zipangizo za m'nyumbamo. Makompyuta ena a Linux aipeza okha pulintayo kudzera pa pulogalamu ya Avahi. Mafoni a Android kuyambira pa 8 ali ndi njira yosindikizira yobadwa nayo, ndipo iPhone imagwiritsa AirPrint. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale pulinta yakale imene sinaonepo Wi-Fi imaoneka pa foni ngati yamakono, chifukwa CUPS ndi imene ikuyankhula m'malo mwake. Pa Windows, onjezani pulinta polemba adiresi yonga http://192.168.1.10:631/printers/HP1020, m'malo mwa manambalawo muike a kompyuta yanu. Laputopu yakale yosweka galasi, kapena kakompyuta ka Raspberry Pi, n'kokwanira kugwira ntchito imeneyi tsiku lonse.

Chenjezo: gawirani a m'nyumba okha. Musatsegule khomo la 631 ku intaneti yonse, ndipo lamulo la --remote-any lisiyeni. Mu Seputembala 2024 kunapezeka chibowo mu cups-browsed, pulogalamu yothandizira CUPS kupeza mapulinta pa netiweki, chimene munthu wakunja akanatha kulowerapo n'kuika pulinta yabodza. Chinatsekedwa, koma chimatsekeka pa kompyuta yanu pokhapokha mukalandira zokonza. Mukafika pa netiweki yabwino, perekani mpata kompyuta ilandire.

Ndingadziwe bwanji masamba amene atuluka ine kulibe?

Tsamba la localhost:631 limaonetsa ntchito zimene zatha, ndipo mukalowa ngati woyang'anira kompyuta limaonetsanso dzina la amene anatumiza, choncho aliyense wa pa shopu akhale ndi dzina lake lolowera. CUPS ingathenso kulemba chiwerengero cha masamba osindikizidwa mu fayilo ya page_log mukaiyatsa pa PageLogFormat, ndipo ingaike malire, mwachitsanzo masamba 200 pa sabata kwa munthu aliyense:

sudo lpadmin -p HP1020 -o job-quota-period=604800 -o job-page-limit=200

Nambala ya 604800 ndi masekondi a sabata imodzi. Kuwerenga kwa CUPS kumadalira dalaivala, ndipo fotokope sidutsa m'kompyuta n'komwe, choncho pa nkhani ya ndalama yerekezani ndi mita ya m'kati mwa pulinta. Musamuimbe mlandu mnyamata wa pa shopu ndi nambala ya pa kompyuta yokha.

Sikana nayo igwira?

Imeneyo si ntchito ya CUPS, ndi ya SANE. Pulogalamu yophweka ndi Document Scanner, yakale koma ya zambiri ndi XSane. Makina amakono a AirPrint ambiri amasikananso popanda dalaivala kudzera pa sane-airscan. A HP amadutsa pa HPLIP yomwe ija, ndipo ena a iwo amafuna hp-plugin.

Masatifiketi ofunsira ntchito asikaneni pa 150 kapena 200 dpi. Fayilo ikakulabe kuposa mlingo umene tsamba lofunsira likulola, Ghostscript iichepetsa:

gs -sDEVICE=pdfwrite -dPDFSETTINGS=/ebook -o yochepa.pdf yaikulu.pdf

Itseguleni yochepayo muone ngati chidindo ndi magiredi zikuwerengeka musanatumize.

Ndili pa sola. Pulinta ya laser ikuzimitsa inveta. Linux ingathandize?

Ayi, imeneyo ndi nkhani ya moto. Laser imasungunula tona ndi chitsulo chotentha, ndipo ngakhale yaing'ono imakoka mawati mazana angapo, poyaka n'kuposa pamenepo. Ya inki ya matanki sifika ngakhale mawati 30 posindikiza. Kumene magetsi ndi a sola, ya inki ndiyo yoyenera. Koma isamakhale milungu osagwira ntchito, makamaka m'chilimwe cha Okutobala pamene fumbi ndi kutentha zimaumitsa mutu wake. Sindikizani katsamba ka mitundu kamodzi pa sabata, ndipo muziifunda.

Ndadzadzitsa tona, koma ikuti mulibe kanthu.

Uthengawo ukuchokera ku kachipu ka pa katiriji, osati kwa Linux, ndipo palibe dalaivala amene angausinthe. Mapulinta ena amapitiriza kusindikiza ngakhale akudandaula, ena amafuna kachipu katsopano. Pa kuona mlingo wa inki ndi kutsuka mutu, a HP ali ndi hp-toolbox, ndipo ma Epson ambiri akale ali ndi escputil ya Gutenprint.

Ndayesa zonse, zikukanikabe. Ndikapempha thandizo ndinene chiyani?

Kungoti "achimwene, pulinta sikugwira" sikumupatsa poyambira munthu amene akufuna kukuthandizani. Mutumizireni dzina lonse la pulinta, mtundu wa Linux ndi nambala yake, ndi zimene malamulo awa aonetsa: lsusb, amene amanena ngati kompyuta ikuiona pulinta pa chingwe, lpinfo -v, amene amanena ngati CUPS ikuiona, ndi lpstat -t. Ngati lsusb sakuiona, siyani za madalaivala, sinthani chingwe kapena polowetsa. Zingwe zazitali zotchipa zimalephera kawirikawiri.

Zikakhala zozama, yatsani kaundula ndi sudo cupsctl --debug-logging, yesani kusindikiza kamodzi, muwerenge /var/log/cups/error_log, kapena journalctl -u cups pa mitundu ina ya Linux. Mizere yoyamba ndi chilembo E ndi imene ili ndi vuto. Mukatha zimitsani ndi --no-debug-logging, chifukwa kaundulayo amakula msanga. Ngati CUPS ikukukanizani kusintha zinthu, ndiye kuti dzina lanu silili m'gulu la lpadmin, ndipo mwini kompyuta akuikenimo.

Ndaona uthenga woti madalaivala adzasiya kugwira ntchito mtsogolo. Pulinta yanga yakale ithera pompa?

Uthengawo ndi woona koma si wa imfa. Amene akukonza CUPS 3 akufuna kuti izidzayankhula IPP yokha, n'kusiya njira yakale ya mafayilo a PPD, amene amauza CUPS zimene pulinta imatha kuchita. Mapulinta akale sanawataye. Madalaivala awo akuikidwa m'timapulogalamu totchedwa Printer Application, timene timaima pakati: kwa CUPS timaoneka ngati pulinta yamakono, kwa pulinta yakale timayankhula chiyankhulo chake chomwe chija. OpenPrinting inakonza kale totere ta Ghostscript, Gutenprint, HPLIP ndi PostScript, pa maziko a PAPPL amene analemba Michael Sweet yemwe uja.

Pakadali pano palibe chimene muyenera kusintha. Pa shopu kapena pa sukulu ikani Linux ya nthawi yaitali, monga Ubuntu 24.04 imene idzalandira zokonza mpaka 2029, kapena Linux Mint 22 imene inamangidwa pa iyo. Ikadzafika nthawi yosamukira ku yatsopano, iyatseni kaye pa fulashi, mulumikize pulinta ndi sikana, musindikize tsamba la mbali zonse ndi kabuku kamodzi, ndipo kompyuta ya pa kauntala muisinthe pomalizira, osati m'nyengo ya mayeso.